Kangaude wa m'Tayala

9 Malichi

Amake ana,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana onse awiri. Amayi anga muwapatse moni, ndipo muwauze kuti mankhwala a mawondo aja samwa tsiku lomwe akumva kuwawa lokha ayi, amamwa mpaka athe. Ine kuno ndili bwino, kudya ndikudya, tulo ndikugona.

Kalata yanu ndinalandira kwa adalaivala a basi aja. Pa ndalama za mu envelopu yomwe ndawapatsira pamodzi ndi kalata ino muyambe mwagulira mwana wamkulu nsapato za kusukulu, zotsalazo muona nokha. Mugule zokulirapo, phazi la mwana ameneyo silidikira munthu.

Za chitseko cha kukhitchini, musaitane munthu. Chitseko chimenecho ndinapanga ndine, matenda ake ndikuwadziwa. Chatupa ndi mvula basi, dzuwa likawala chibwerera chokha. Mukaitana mnyamata wa kuseri kwa msika uja adzachipala mpaka makoswe azilowa osawerama. Bokosi la zida zanga muzilitsegula kamodzi pa mwezi, sowo ndi zitsulo zinazo muzizipaka timafuta kuopa dzimbiri, kenako muzitseka.

Mwafunsa kuti ntchito yatsopanoyi ndi yotani. Ndi malo okonzera matayala, m'mbali mwa msewu waukulu. Kutsogolo kuli shedi ya malata ndi makina opopera mpweya, kuseri kuli mulu wa matayala akale wotalika kuposa nyumba yathu. Tayala likabwera loboka timalichotsa pachitsulo chake, ndiye pamafunika munthu wopisa dzanja mkati kuti afufuze chomwe chabaya. Msomali wina umakhala waung'ono kwambiri, maso sauona. Anzanga amafufuza atavala magolovesi, n'kumata chigamba, mawa lake kasitomala wabweranso akutukwana. Ine ndinavula golovesi tsiku loyamba lomwelo. Chala chomwe chimamva pomwe thabwa lasiyira kusalala chingalephere msomali? Tsopano tayala lililonse lovuta kapitawo amangoti, "Itanani Kalipentala." Dzina langa kuno ndi limenelo, lenileni palibe analifunsapo.

Ndikugona chipinda chimodzi ndi bambo wina wachikulire yemwe tonse timawatchula kuti a Zigamba, poti ndiwo amamata zigamba. Ndi munthu wabwino mtima, kungoti mkonono wawo uli ngati lole yokwera chitunda. Chipindacho ndi chaching'ono, mabedi awiri, mpando umodzi ndi msomali wokolekapo zovala. Bedi lomwe ndikugonapo, wolipangayo akanakhala mwana wanga ndikanamulanda nyundo.

Makina ochekera matabwa aja ndinakawaonanso m'sitolo Loweruka. Mtengo wakwera, koma akadalipo. Ndikapirira mpaka Disembala ndibwera nawo, titsegule shedi yathu, za matayala a eni akezi ndisiye. Ine ndine munthu wa matabwa, kuno ndabwera kudzatola chabe.

Kanthu kena kandiluma dzulo pachala cha mkombaphala cha kumanja, ndikusankha matayala akale kuseri. Sindinamve n'komwe. Ndangoona potulutsa dzanja kakangaude kofiirira, ka miyendo yaitali, kakuthawa pamkono. Pafiira pang'ono, pakuyabwa ngati pomwe waluma udzudzu. Ndikukuuzani chifukwa mumati sindikuuzani kanthu.

Ine mwamuna wanu.

15 Malichi

Amake ana,

Moni nonse kumeneko. Ndikhulupirira kuti chifuwa cha mzime wathu chinatsika. Ine ndili bwino ndithu.

Kalata ino iphonyana ndi yanu panjira, poti adalaivala anyamuka mawa yankho lanu lisanafike. Ndalemba chifukwa ndinaiwala za denga. Pomwe pakudontha pamwamba pa bedi la ana si kuti lata laboka ayi, ndi msomali wazuka. Muwauze achimwene anu akwere akaukhomerere, koma aziponda pomwe pali mitengo. Akaponda pakati pa lata ndi thupi lawo lija, mudzawalandirira m'chipinda.

Kachala kaja kayamba mwano. Tsiku lachiwiri panatuluka thuza, m'mbali mwake mofiira. Kuyabwa kunatha, m'malo mwake kunabwera kuotcha. Kenako pakati pa thuzalo panayamba kudera, ngati pomwe munthu wadzimenya ndi nyundo. Nthawi ya tiyi nkhani inali imeneyi, ndipo kuno aliyense ndi sing'anga. Wina akuti phulusa, wina akuti mankhwala otsukira mano. A Zigamba anapinda malaya n'kundionetsa mikono yawo.

"Ine akangaude andiluma kosawerengeka pamalo pano," anatero. "Sabata imodzi, kwatha. Koma wakoyu wakusiyira ululu mkati. Bwera nacho kuno tiutulutse."

Muyenera kudziwa kuti pantchito pano pali mankhwala amodzi a bala lililonse, omwe ndi mafuta a mabuleki. Munthu akadzicheka ndi waya wa tayala, akapsa, ngakhale atuluke chipere, amangothira omwewo. Botolo lake limakhala pawindo la shedi, pambali pa makapu athu. Ndiye a Zigamba anatenga lezala lomwe amadulira zigamba, analipukuta pa ovolosi, n'kucheka thuzalo. Anafinya mpaka magazi, anathira mafutawo, n'kumanga ndi kansalu ndi tepi yakuda. Amake ana, ndinavina popanda ng'oma. A Zigamba akuti kuwawako ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito.

Pageti pathu pamakhala mayi wina wogulitsa tiyi. Dzulo pondipatsa kapu anayang'ana chalacho tepi itamasuka pang'ono.

"Inu abambo, chala chimenecho mupite nacho kuchipatala," anatero. "Chodera pakati si chabwino."

Ndinawayankha kuti ndikapita kuchipatala chifukwa cha kangaude, tsiku lomwe idzandilume njoka ndidzapita kuti? Anzanga onse anaseka. Mayiwo sanaseke, anangotenga kapu yawo n'kuyamba kutsuka.

Chilungamo chake n'chakuti chipatala cha kuno ukalowa m'mawa umatuluka dzuwa litapendeka. Ndipo pageti pathu m'mawa uliwonse pamakhala anthu ataima, manja m'thumba, kudikira kuti wina ajombe. Kapitawo wathu sakalipa. Amangoloza mmodzi mwa iwo n'kumupatsa ovolosi yako, nkhani yatha. Ndinaziona ndi maso anga mwezi watha.

Panopa ndikufufuza misomali ndi chala chapakati. Ndi chogontha chala chimenechi, sichimva kanthu. Lachinayi tayala lina linabwerera, koyamba chiyambire ntchito, ndipo kapitawo anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

Mafuta ophikira akwera kuno, sopo nayenso. Kumeneko zili bwanji? Wamkulu mumuuze kuti masamu ndikufuna kumva nkhani yabwino.

Ine mwamuna wanu.

23 Malichi

Amake ana,

Moni kwa inu, ana ndi amayi. Mukhululuke malembawa, cholembera ndagwira ndi chala chachikulu ndi chapakati.

Kalata yanu yoyankha yoyamba ija ndalandira. Mwandiseketsa ndi zoti munthu wamkulu ndikudandaula za kangaude pomwe inu mumawasesa tsiku ndi tsiku. Zikomo pogula nsapato. Zoti chitseko chabwerera chokha sindikudabwa, ndinanena.

Chala chikadali chimodzimodzi, kapena ndinene kuti chasintha pang'ono. Pakati paja pada bii, pauma ngati chikopa, m'mbali mukutuluka mafinya. Kutupa kwafika kuseri kwa dzanja, wotchi ndasiya kuvala. Chimagunda ngati mtima wasamukira kumeneko. M'khwapa mwatuluka mwanabere, ndipo pamkono pali kamzere kofiira kolowera kuchigongono. Thupi likuphwanya, madzulo ndimanjenjemera. Mwina ndi chimfine, chayenda kwambiri kuno.

A Zigamba athiranso mafuta aja kawiri. Lero pomanga anangoti, "Matenda awa ndi achilendo."

Sabata ino kwabwera matayala a malole a kampani ina, mulu wonse, ndipo kapitawo wanena kuti wojomba asavutike n'kubwereranso. Akatha amenewa ndipita kuchipatala Lolemba. Amayi musawauze, angayambe kusala kudya.

Ndalekera pano, dzanja latopa.

Ine.

6 Epulo

Amake ana,

Musadabwe ndi malembawa. Akulemba ndi a Zigamba, ine ndikungoyankhula. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine ndili m'chipatala, koma ndikupezako bwino, ndipo dzulo ndamaliza mbale yonse.

Lolemba lija sindinalifike. Lachisanu m'mawa ndinakhala pa tayala kuti ndipume pang'ono, ndiye kudzuka kunakanika. Zotsatira zake ndikumva kwa anzanga. Akuti ndimayankhula ndekha, kulangiza munthu kakhomedwe ka felemu. A Zigamba anasiya chigamba chili pamoto, kapitawo akuwayang'ana, n'kupempha kasitomala wina kuti andinyamule pagalimoto yake. Mzere wa kuchipatala womwe ndinkauopa uja sitinaimepo n'komwe. Namwino atangomasula tepi anaitana anzake, ndipo ndinalowa ndili pabedi la matayala. Matayala sandisiya.

Anandiika diripu, jakisoni m'mawa, jakisoni madzulo. Kuchipinda cha opaleshoni ndalowako kawiri, anachotsa zomwe zinaola. Kutentha thupi kunatha, mwanabere waphwa, mzere wa pamkono uja wazimirira. Adokotala akuti tikanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ya mkono wonse, kapena yoposa pamenepo. Dzanja alimanga lonse n'kulipachika m'mwamba. Tsiku lonse ndimakhala ngati mwana wofuna kuyankha funso m'kalasi.

Muwodi muno tilimo ambiri. Mabedi ndi achitsulo, palibe chonena. Koma pambali pa bedi langa pali kakabati kathabwa komwe chitseko chake chikulendewera, kachitsulo kamodzi kanaguluka. Ndi ntchito ya kanthawi kochepa, bola munthu ali ndi manja awiri. Ndimangokayang'ana kuyambira m'mawa.

Kalata yanu yoyankha yachiwiri ija a Zigamba andiwerengera kuno. Mwalemba ndi malemba akuluakulu kuti ndipite kuchipatala tsiku lomwelo. Yandipeza ndili kale pabedi, ndiye tingoti ndamvera.

Envelopu ya mwezi uno ndi yopyapyala, mundimvetse. Nkhuku zamphongo ziwiri zija mugulitse, zazikazi musakhudze. Amayi tsopano muwauze, koma muyambire poti ndikupeza bwino, zinazo zibwere pambuyo. Ana muwauze kuti bambo awo anavulala pang'ono kuntchito.

Ine mwamuna wanu.

Alamu, ndine wolemba kalatayi. Ndawapempha kuti ndionjezere mawu anga pansi pano ndipo alola. Ine ntchito ya matayala ndakuliramo, mafuta amenewo ndathira anthu ambiri, mwana wanga yemwe ndinamuthirapo. Ndimayesa ndikuthandiza. Botolo lija ndalichotsa pawindo. Chakudya ndikumawabweretsera, zovala ndikuchapa, musade nkhawa ndi zimenezo. Za dzanja akuuzani okha, eni ake ndi iwowo.

27 Epulo

Amake ana,

Moni nonse. Awa ndi malemba anga, a dzanja lamanzere. Wamkulu asaone, angandibwezere zonse zomwe ndimamunena za makope ake. Ananditulutsa m'chipatala, ndili kuchipinda kwathu. Ndikumwa mapiritsi, ndipo pakapita masiku awiri ndimapita kukatsukitsa bala.

Amene amanditsuka ndi namwino wamkulu, mayi wosanyengerera munthu. Tsiku loyamba nditayamba kuzindikira anandifunsa kuti, "Bambo, munathira chiyani apa?" Ndinati mafuta a mabuleki. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Nanga inu ndinu galimoto?" Wodi yonse inaseka, ngakhale aja osatha kutembenuka.

Zomwe wandiuza ndikulemba pano kuti muzisunge, poti akangaude kumeneko alinso. Akuti ambiri alibe vuto. Akaluma pamangofiira, kutupa pang'ono, kuyabwa, sabata isanathe papola. Chofunika n'kutsuka ndi sopo ndi madzi, kuikapo kansalu konyowa ndi madzi ozizira, basi. Osakanda, osafinya, osacheka, osathira za m'mabotolo a galimoto. A Zigamba akangaude awo onse aja anali amenewa, akanapola ngakhale popanda mafuta awowo.

Oipa alipo ochepa. Mtundu wina umaoletsa khungu, ndiwo unandipeza ine. Poluma sumva, kenako thuza, kenako pakati kuda. Chilonda chake chimachedwa, masabata angapo, nthawi zina miyezi, koma akuti chikasamalidwa msanga kawirikawiri chimapola n'kungosiya chipsera. Mtundu wina sulimbana ndi khungu, umagwira thupi lonse. Munthu amamva kukokana m'mimba ndi m'miyendo, thukuta kamukamu, kupuma movutikira. Zikatero musadikire kuti kuche kapena kuti achimwene anu abwere, makamaka akakhala mwana. Nyamulani, thamangani.

Ndipo akuti bala lililonse lolumidwa, mukaona pakati pakuda, kapena kufiira kukufalikira, kapena mafinya, kapena mzere wofiira ukukwera, kapena thupi latentha, chimodzi chokha mwa zimenezi chakwana kupitira kuchipatala tsiku lomwelo.

"Inu munadikira kuti zikwane zonse," anatero namwinoyo, "ngati mukusonkhanitsa katundu wa paulendo."

Ndinamufunsa ngati kakangaude kakang'ono kaja kangachite zonsezi. Anati kangaude anachita mbali yake, koma yaikulu inachitidwa ndi lezala lakuda ndi masabata odikira aja. Sindinawauze a Zigamba mawu amenewa. Akudziwa kale, amandipangira tiyi m'mawa uliwonse ngati ndine mlendo wawo.

Tsono kunyumbako, kuseri kwa shedi yanga kuli mulu wa matabwa uja. Ana asamapiseko manja. Nsapato azikutumula asanavale, makamaka za kusukulu zomwe zimagona pakhonde. Inunso potola nkhuni muziyamba mwagogoda mulu ndi ndodo.

Kuntchito ovolosi yanga akuvala wina, mnyamata wamtali, imamulekeza m'mawondo. A Zigamba anakandidandaulira kwa kapitawo mpaka analola kuti ndizisesa ndi kupopa mpweya. Malipiro ake ndi a wosesa. Sindikudandaula, pageti paja akadaimapo anthu.

Mwafunsa kawiri m'kalata mwanu kuti dzanjalo lili bwanji kwenikweni. Bandeji sanachotsebe. Tidikire kaye.

Ine mwamuna wanu.

11 Meyi

Amake ana,

Moni. Ndamva kuti nonse muli bwino, ndathokoza. Ine thupi lili bwino.

Mwalemba kuti mwatopa ndi kuzungulirazungulira kwanga, kuti a Zigamba sakanalemba mawu aja pachabe, ndiponso kuti munakwatiwa ndi ine osati ndi dzanja. Chabwino, ndinena.

Chala cha mkombaphala anadula. Chonse, mpaka patsinde. Anadula pa opaleshoni yachiwiri ija, anandifotokozera kaye ndipo ndinavomera ndekha. Chapakati chilipo koma sichipinda mpaka kumapeto. Andipatsa kampira koti ndizifinya, akuti chidzafewa, ngakhale mwina osafika pakale. Pomwe anasoka papola bwino, ulusi anachotsa. Kuseri kwa dzanja kukadali kachilonda komwe akuti katenga mwezi wina.

Sindinakuuzeni chifukwa ndinkaona ngati ndikalemba papepala ndiye kuti zachitikadi. Ndi zopusa, ndikudziwa.

Amake ana, ndikuopa. Inu mwandiona ndikugwira sowo zaka zonsezi. Zala zitatu ndi chachikulu zimagwira chigwiriro, koma chija chimaloza kutsogolo, ndicho chimauza sowo kolowera. Pokhoma, pojambula mzere, popala, paliponse chimatsogola ndi chomwecho. Sindinachiganizirepo ngakhale tsiku limodzi chili pamalo pake. Tsopano sindikudziwa ngati ndikadali kalipentala kapena ndine wosesa yemwe kale anali kalipentala. Makina aja sindinapitenso kukawaona.

Chodabwitsa n'chakuti chimandiyabwabe. Ndimangozindikira ndikukanda mphepo. Namwino akuti zimachitika kwa ambiri ndipo zimachepa pang'onopang'ono.

Amayi muwauze nokha, mumadziwa kuwatenga bwino kuposa ine. Ana musawauze kaye.

Ine mwamuna wanu.

15 Juni

Amake ana,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, inu, ana ndi amayi. Ine ndili bwino. Kachilonda kotsala kaja katseka, pangotsala chipsera chonyezimira. Kuchipatala anditsanzika, namwino uja wati asadzandionenso. Malemba awa ndi a dzanja lamanja, mukuona nokha kuti akuwerengeka.

Pepani pokhala chete mwezi wonse. Makalata anu awiri ndinalandira. Sindinayankhe chifukwa ndinkafuna ndikhale ndi choyankha chenicheni, osati chongokutonthozani.

Nkhani yake ndi iyi. Kuseri kwa shedi kumatayidwa matabwa omwe amabwera ndi katundu. Ndinapempha kapitawo, anangokweza mapewa. A Zigamba anakabwereka sowo ndi nyundo kwa munthu wina wa kutchalitchi kwawo, sowo yobuntha ngati msana wa mpeni, ndinayamba ndainola. Ndinati ndipange kampando kopanda choyedzamira, ka miyendo inayi. Ndimagwira nthawi ya tiyi ndi Lamulungu masana.

Kucheka koyamba sowo inapita komwe imafuna yokha. Kachiwiri chimodzimodzi. Ndinaponya thabwa pamulu wa matayala, ndipo mawu omwe ndinanena sindingalembe m'kalata yopita kwa mayi wa ana anga. A Zigamba anakalitola, n'kulibweretsa, n'kuliika pomwe linali. Kenako ndinapeza kuti ndikalozetsa chapakati kutsogolo, poti n'chouma kale, chimagwirako ntchito ya chinzake. Koma ndiye zogwira chigwiriro zimatsala ziwiri ndi chachikulu, dzanja limatopa msanga, ndipo nyundo inandipulumuka kangapo.

Kampandoko katha. Kale ntchito ngati imeneyi ndinkaiyamba m'mawa, masana munthu n'kukhalapo. Aka kanditengera masabata atatu. Ndinakaika pasimenti yosalala pafupi ndi makina opopera, n'kukanikiza ngodya zonse. Sikakugwedera. A Zigamba anakhalapo, anadzigwedeza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Kalipentala, apa ndiye wabwerera." Mayi a tiyi aja ati akagule kuti azikhalira pageti. Ndawapatsa ulere, anandichenjeza ine n'kuwaseka.

Koma inu ndikuuzani zomwe iwo sanaone. Molumikizira muwiri munatsala mipata, ndinatseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Ine amene. Munthu wogula sangadziwe, koma ine ndikudziwa, ndipo ndinapita kuseri kwa matayala kukakhala ndekha kanthawi. Ndiye yankho ndi limeneli. Kalipentala ndikadali, koma wochedwa, ndipo za makabati a magalasi ndi zitseko zozokota zija mwina zapita. Mabenchi, matebulo, mafelemu, zimenezo ndipanga. Mwina dzanja lidzaphunzira zina, sindikulonjeza.

Disembala sindidikira. Ndi malipiro a wosesa makina aja ndingawagule ndili nkhalamba, ndipo kusesa ndingathe kusesa pakhomo panga. Ndayankhula ndi adalaivala, ndibwera nawo ulendo wawo wa kumapeto kwa mwezi uno. Ndibwera ndi chikwama chomwe ndinapita nacho. Musakonze chilichonse, musaitane anthu. Achimwene anu okha abwere kudzandichingamira kudepoti, poti chikwamacho chinaduka chogwirira.

Chatsala ndi cha ana. Sindikufuna adzaone koyamba ine nditaima pakhomo, iwo n'kusowa poyang'ana. Kuseri kwa pepala lino ndaika dzanja langa n'kulizunguliza ndi pensulo. Mzere wagwedera chifukwa ndimazunguliza ndi lamanzere, koma kukula kwake ndi komweko. Muyambe mwaona nokha, mukhale nalo tsiku limodzi kapena awiri, kenako muwaitane. Wamkulu adzafunsa mafunso ambiri, mumuyankhe zoona zokhazokha. Akafuna kuika dzanja lake pamwamba pa langalo mumulole.

Amene ndikumuganizira kwambiri ndi mzime. Tikamapita kumsika salola kugwidwa pamkono, amafuna agwire yekha chala changa, ndipo nthawi zonse chimakhala cha mkombaphala chomwe anadulacho. Mumuonetse pachithunzipo kuti chapakati chilipo, adzagwire chimenecho.

Ine mwamuna wanu,
bambo a ana.